Usiku Womwe Sipanachitike Kanthu

Uthenga unafika Lachitatu masana:
dzuwa layetsemula.
Zomwe lalavula zili m'njira,
zifika mawa usiku, mwina m'bandakucha,
ora lenileni palibe akulidziwa.

Ine Aulikki, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndikulondera mawaya a kumpoto kwa Finland,
ndinathira khofi m'fulasiki
n'kusiya kakalata pathebulo:
Venla, supu ali m'firiji, usandidikire.

Chipinda chathu chilibe zenera.
Thambo lathu ndi khoma la makompyuta,
nyenyezi zathu ndi manambala obiriwira.
Tarmo anavula nsapato zonyowa ndi chipale,
nakhala pansi, masokosi osiyana mitundu,
nati, "Lero tiona mbwadza."

Anthu amayesa mdaniyu amagwa kuchokera kumwamba
ngati mphenzi. Ayi.
Amadzera pansi.
Thanthwe la dziko lino n'louma mtima,
silimwa moto wachilendo,
ndiye motowo umasakasaka podzera
mpaka upeze waya wathu wautali,
n'kulowera khomo lakuseri, osaodira,
kukakhala m'mimba mwa thiransifoma.

Cha m'ma leveni, ya ku Pirttikoski inayamba kubuula.
Mlonda wa kumeneko anatulutsa foni panja kuti ndidzimvere:
si kung'ung'udza kwake kwa masiku onse,
koma kulira kwa pakhosi,
kwa ng'ombe yomwe yameza chosamezeka.
Mafuta ake akutentha. Singano ikukwera.
Chimphona chimenecho chikapsa,
kupanga china n'zaka ziwiri,
ndipo kunja kuli chisanu chong'amba mitengo.

Foni ina. Venla.
"Amayi, tulukani! Thambo layaka,
lofiira, lobiriwira, likugwedezeka ngati nsalu pachingwe!
Msewu wonse uli panja,
ngakhale a Kärkkäinen ndi ndodo yawo!"
Ndinati jambula, mwanangu, jambula zambiri.
Sindinamuuze kuti chomwe akuchiombera m'manjacho
chandigwira pakhosi kuno.

Ndinaganiza za ana obadwa masiku asanakwane
m'timabokosi tawo tofunda ku Oulu,
za mapaipi omwe amaphulika madzi akauma,
za bambo anga, omwe makina amawathandiza kupuma usiku.

"Tidule," ndinatero.
Tarmo anandiyang'ana.
"Ukadula umenewo, katundu yense agwera awiri otsalawo."
"Asenza."
"Akakanika?"
Sindinayankhe.
Tinapempha a ku Sweden atibwereke mphamvu pang'ono,
tinadzutsa madamu awiri a pa mtsinje wa Kemi,
fakitale ya mapepala tinaiuza ipume kaye,
bwana wake akutukwana ndi mawu atulo.
Chala changa chinali kale pa batani,
chozizira ngati cha munthu wina.
Ndinadina.

Mphindi zinayi m'chipindamo munali zii.
Manambala ananjenjemera, natsika, nabwerera,
natsikanso.
Singano inaima nji.
Kenako inayamba kubwerera m'mbuyo
mokoka miyendo, ngati mwana wotumidwa asakufuna.
Tarmo anaseka, kuseka kopanda mawu,
khofi atatayikira pa sokosi yofiirayo.

Namondwe anabweranso kawiri kusanache.
Ulendo womaliza anali atatopa, ifenso chimodzimodzi.

M'mawa ndinatuluka.
Thambo linali lotuwa, losadziwa kanthu,
ngati wakuba yemwe wasukusula kale kumaso.
M'basi aliyense akuonetsa mnzake zithunzi.
Mayi wina wa chipewa chaubweya anandifunsa,
"Munaona usiku uja?"
Ndinati ndinali kuntchito.
"Pepani," anatero, "zakupitani."
Ndinavomera ndi mutu.
Ntchito yathu ikayenda bwino
ilibe chithunzi.

Kunyumba getsi la pakhonde linali chiyakire.
Venla waiwalanso kuzimitsa,
ndipo ndalankhula kangati za bilu.
Ndinaima pansi pake, chipale chikugwa pang'onopang'ono,
dzanja lili pa swichi,
ndikumvetsera firiji ikung'ung'udza mkatimo.

Ndinalisiya liyake.